Duwa la m'nkhalango ndi kapepala kake: mmene ma orchid akutchire amasonkhanitsidwira ndi kulembedwa

Munthu amene amangodziwa ma orchid a m'miphika, aja a maluwa akuluakulu oyera ndi ofiirira, angathe kuyenda tsiku lathunthu m'nkhalango ya ku Borneo kapena ya ku Ecuador n'kutulukamo akulumbira kuti mulibe ngakhale mmodzi. Alimo ambirimbiri, kungoti ali m'mwamba. Banja la zomerazi lili ndi mitundu pafupifupi 28,000, ndipo mitundu 7 mwa 10 iliyonse simera m'nthaka. Imakangamira pa nthambi ndi pa makungwa a mitengo, nthawi zina mamita 30 kuchokera pansi, kumene dzuwa limafika. Siyamwa mtengo umene yakwerawo ayi, imangopezapo pokhala. Mizu yake ndi yokutidwa ndi khungu lofewa lotuwa, lotchedwa velamen, limene limamwa madzi a mvula ndi a nkhungu msangamsanga mphepo isanawaumitse. Yambirinso ndi yaing'ono zedi: maluwa a mitundu ina ya Platystele sapitirira mamilimita atatu, moti popanda galasi lokulitsa zinthu sungadziwe n'komwe kuti ndi duwa.

Colombia ndi Ecuador, dziko lililonse lili ndi mitundu yopitirira 4,000. Mu 2020, akatswiri atamaliza kuwerenga zomera za pachilumba cha New Guinea, anapeza mitundu 13,634, ndipo 2,856 mwa iyo inali ma orchid. Phiri limodzi lokha la Kinabalu ku Borneo lili ndi mitundu yoposa 800. Dzina lililonse pa mndandanda wotere lilipo chifukwa wina analowa m'nkhalango, nathyola chomera, nalemba zimene anaona, nazipereka kumalo kumene ena angaziyerekeze ndi zinzake. Kwa ine, chamtengo wapatali pa ntchito yonseyi ndi zolembedwazo, kuposa duwa lenilenilo. Orchid wozulidwa popanda mbiri ya kumene anamera wangosanduka chokongoletsa nyumba: nkhalango yataya, ndipo palibe chimene anthu aphunzirapo.

Panatenga nthawi kuti anthu azindikire zimenezi. Cha m'ma 1818 William Swainson anatumiza zomera ku Britain kuchokera ku Brazil. Chimodzi chinachita maluwa kwa William Cattley, wolima maluwa wa ku England, ndipo mu 1821 John Lindley anachitcha Cattleya labiata. Duwalo linazunguza mitu anthu achuma, koma malo enieni amene Swainson analipeza sanadziwike, moti alenje a maluwa anakhala zaka pafupifupi 70 akusakasaka kumadera olakwika mpaka linapezekanso ku Pernambuco mu 1889. Pofika nthawiyo malonda anali atafika pa mwana wakana phala. Frederick Sander, wogulitsa maluwa wa ku St Albans ku England, ankatumiza alenje ake ku South America ndi ku Asia, ndipo mabokosi ankadzaza zombo, ngakhale zomera zambiri zinkafika zitaola. Albert Millican analemba yekha m'buku lake la mu 1891 kuti pa miyezi iwiri ku Colombia, iye ndi antchito ake anagwetsa mitengo pafupifupi 4,000 kuti apeze ma Odontoglossum crispum 10,000. Ena ankakolola chigwa chonse psiti kuti wopikisana naye akadzafika abwerere chimanjamanja. Za malo ankabisa dala, apo ayi ankanama. Paphiopedilum rothschildianum anagulitsidwa ku Ulaya ndi mbiri yoti ndi wa ku New Guinea, chonsecho kwawo ndi ku Kinabalu, ndipo sanaonekenso kutchire kufikira mu 1959.

Masiku ano ulendo wa m'nkhalango umayambira pa desiki. Pamafunika chilolezo cha boma, cha oyang'anira nkhalangoyo, komanso mawu a eni dera. Pamafunikanso mgwirizano ndi herbarium ya dzikolo, ndiyo nyumba yosungiramo zomera zouma zophunzirira, chifukwa gawo loyamba la zonse zimene zitoledwe limatsala kumeneko. Mapepalawa angadye miyezi yambiri kuposa ulendo weniweniwo.

M'nkhalangomo, wodziwa ntchito amayenda pang'onopang'ono, maso ali pansi poyamba. Kaduwa kofota kamene kagwa pa masamba owola ndiko kamamuuza kuti pamwamba pake pali kanthu, kenaka amakweza maso ndi choonera patali. Amakonda m'mbali mwa mitsinje ndi m'zitunda, kumene kuwala kumatsika ndipo ma orchid amamera pofikika ndi dzanja. Koma chimene amachilakalaka kwambiri ndi mtengo waukulu umene wangogwa ndi mphepo. Nthambi zimene dzulo zinali kutali ndi munthu lero zagona pansi ndi zomera zake zonse, ndipo zomerazo zifa ndithu pakapita milungu ingapo chifukwa cha mthunzi ndi chinyezi cha pansi, choncho kuzitenga sikupweteka nkhalango. Pa mtengo umodzi wotere gulu lingathe kutherapo tsiku. Kwa mitengo yoimirira, ena amagwiritsa ntchito ndodo zazitali za mpeni kunsonga, ena amakwera ndi zingwe, njira imene Donald Perry anaitchukitsa ku Costa Rica m'zaka za m'ma 1970. Ndipo kawirikawiri woyamba kuona chomera sakhala katswiri wochokera kutali uja, amakhala mwini dera amene akumutsogolera. N'zachisoni kuti mayina a anthu oterewa sapezeka pa malebulo ambiri akale.

Akapeza chomera, mpeni umadikira. Choyamba ndi zithunzi: mtengo wonse, malo amene chomeracho chagwira, duwa kumaso, m'mbali ndi kumbuyo, rula ili pambali pake kuti kukula kwake kuoneke. Kenaka amatsegula kabuku n'kulemba nambala yatsopano. Nambala imeneyi, pamodzi ndi dzina la wotolayo, ndiyo idzakhale chizindikiro cha chomeracho mpaka kalekale, ndipo siperekedwanso kwa china. Amalemba ndi pensulo, poti inki imasungunuka ndi mvula. Zolembazo ndi tsiku, malo monga GPS yawawerengera, kutalika kwa malowo kuchokera pa nyanja yamchere, mtundu wa mtengo, ngati chomeracho chili pa thunthu, pa mphanda kapena kunsonga kwa nthambi, ngati mizu yake ili pa khungwa loyera kapena yabisala mu ndere, komanso kuchuluka kwa zinzake pamalopo. Koma zofunika koposa ndi zimene zidzatha chomeracho chikauma. Duwa lachikasu la madontho ofiira limasanduka lofiirira kapena lakuda bii likauma, ndiye ngati mtundu wake sunalembedwe tsiku lomwelo, wapita. Fungo nalonso chimodzimodzi. Ma Bulbophyllum ena amanunkha nyama yovunda pofuna kukopa ntchentche, ma Dracula a ku Ecuador ndi Colombia amanunkhira bowa, ena amanunkhira usiku wokhawokha, masana zii. Wolemba wabwino amanenanso nthawi imene ananunkhiza.

Ngati kachilombo katera pa duwalo n'kuchoka katanyamula mungu, imeneyo ndi nkhani yaikulu, chifukwa kwa ma orchid ambiri palibe amene anaonapo chimene chimawanyamulira mungu. Mu 1862 Charles Darwin analandira duwa la ku Madagascar, Angraecum sesquipedale, lokhala ndi kachubu kotalika masentimita pafupifupi 30, timadzi totsekemera tili pansi penipeni. Iye ananena kuti pachilumbacho payenera kukhala gulugufe wa usiku wa mlomo wautali chimodzimodzi. Gulugufeyo analembedwa mu 1903, koma kuti munthu amuone ndi maso akumwa pa duwalo zinachitika mu 1992, patatha zaka 130. Chomera chouma chinatha kudzutsa funso, yankho linafuna munthu wochezera usiku pafupi ndi duwa.

Nanga atenge zingati? Ambiri amatsata chizolowezi choti usazule chomera chathunthu ngati pamalopo palibe zinzake zosachepera 20. Chikakhala chokhachokha, amajambula, amathyola duwa limodzi ndi kachidutswa ka tsamba, n'kuchisiya. Mwamwayi ma orchid ambiri a m'mitengo amakula moyanga, kumatulutsa mphukira zatsopano m'mbali, choncho ungadule gawo limodzi lotsalalo n'kupitiriza kukula.

Madzulo kumsasa ndiye kuli chintchito. Kachidutswa ka tsamba kamalowa m'kathumba ka silica gel, timiyala timene timayamwa chinyezi msanga kuti DNA isaonongeke. Njirayi inafala Mark Chase ndi Harold Hills ataifotokoza mu 1991. Gawo lalikulu la chomeracho limaikidwa pakati pa nyuzipepala ndi makatoni, n'kumangidwa zolimba pakati pa matabwa awiri, n'kuumikidwa pa moto wofatsa. Apa ndi pamene orchid amavutitsa kuposa zomera zina. Iye anazolowera chilala cha m'mwamba, ndiye tsinde lake lofufuma ndi masamba ake ochindikala zimasunga madzi mwakuti angathe kukhala milungu ali moyo m'mapepalamo, kumayoyola masamba kapena kuphukiratu. Choncho amang'amba tsindelo pakati, kapena amaviika chomeracho m'madzi otentha kuti chife kaye. Kumene mvula sikata ndipo chuku chimagwira mapepala m'masiku awiri, amamanga zomerazo m'mitolo ya nyuzipepala, kuthira spiriti ndi kutsekera m'matumba a pulasitiki kuti akaumike akafika kutauni. Njirayi imadziwika ndi dzina la Georg Schweinfurth. Imapulumutsa zomera, koma imasulutsa maluwa ndi masamba ndipo imaononga DNA, n'chifukwa chake kathumba ka silica gel kaja kamayamba.

Maluwa angapo sapanidwa konse. Amaponyedwa m'kabotolo ka spiriti ya mphamvu pafupifupi 70 peresenti, yothira madzi ndi glycerol pang'ono kuti duwalo lisaume gwa, ndipo kapepala ka nambala kolembedwa ndi pensulo kamalowa m'kati momwemo, osati kumatidwa kunja kumene kangamatuke. Chifukwa chake n'chakuti ma orchid amasiyanitsidwa makamaka ndi mapangidwe a duwa: tsamba lapakati lotchedwa mlomo, timabampu ndi timizere tapamwamba pake, ndi kamzati kamene kanyamula ziwalo zachimuna ndi zachikazi pamodzi, mungu uli woumbika m'timibulu m'malo mokhala ufa. Mitundu iwiri ingafanane masamba, mizu ndi mtundu wa duwa, n'kusiyana pa kabampu kamodzi kosakwana milimita. Duwa lopanidwa limaphwanyika zonsezi, ndipo wolifufuza amayenera kuliwiritsa kaye kuti lifufume asanaling'ambe pansi pa maikulosikopu. La mu spiriti limataya mtundu koma maonekedwe ake amakhala momwemo kwa zaka zambirimbiri.

Vuto lina n'lakuti ma orchid ambiri amene munthu angawapeze tsiku lililonse alibe maluwa, ndipo wopanda duwa kawirikawiri satchulika dzina. Ena amachita maluwa kamodzi pachaka, ena duwa lawo silitha tsiku. Ndiye pamene chilolezo chikulola, amatenga chomera chamoyo kukachisamalira kumunda wa zofufuza kufikira chitaphuka, kaya papite zaka. Mu 2008 Ed de Vogel anatola Bulbophyllum wina pachilumba cha New Britain ku Papua New Guinea, m'dera limene ankadulamo mitengo ya matabwa. Ku Hortus Botanicus, munda wa zofufuza wa ku Leiden ku Netherlands, chomeracho chinkatulutsa maluwa osatsegula, koma nthawi zonse ankawapeza atafota ngati sanatsegule n'komwe. De Vogel anachitengera kunyumba kuti achiyang'anitsitse, ndipo anaona duwa likutsegula cha m'ma 10 koloko usiku, n'kutseka m'mawa wake. Mu 2011 chinapatsidwa dzina loti Bulbophyllum nocturnum, orchid woyamba kudziwika kuti amatsegula maluwa usiku n'kuwatseka masana. Zikanakhala kuti nambala ya chomeracho inasochera pa mphika, bwenzi tikudziwa khalidwe lake osadziwa kwawo. M'minda yotere lebulo ikasowa, ntchito yonse ya ulendo yalowa m'madzi.

Ku herbarium, zomera zouma zimayamba zaikidwa mufiriji yozizira kwambiri kuti tizilombo tife, kenaka zimamatidwa kapena kusokedwa pa pepala lolimba pamodzi ndi lebulo yokopedwa m'kabuku kaja. Kudziwa ngati mtundu ndi watsopano kumafuna kuuyerekeza ndi zonse zofanana nawo zimene zinalembedwapo, ndipo m'gulu ngati Bulbophyllum, la mitundu yoposa 2,000, imeneyo si ntchito yamasewera. Malamulo a mayina a zomera amati kuyambira mu 1958 dzina latsopano liyenera kumangidwa pa chitsanzo chimodzi chosungidwa, chimene akatswiri amachitcha type. Mkangano uliwonse wa dzinalo umathera pa pepala limenelo. Kuyambira mu 2007 chithunzi chokha sichiloledwa kuima m'malo mwake pa zomera zotere, ndipo kuyambira mu 2012 mafotokozedwe angalembedwe m'Chingelezi, osati m'Chilatini chokha monga kale. Akatswiri ndi ochepa, zomera n'zambiri. Kafukufuku wina wa mu 2010 anapeza kuti mwa zomera za maluwa zopatsidwa mayina atsopano, 16 peresenti yokha ndi imene inalembedwa pasanathe zaka zisanu chitoledwere, ndipo pafupifupi imodzi mwa zinayi zilizonse inali itagona m'makabati zaka zoposa 50. Wolemba lebulo lero ayenera kudziwa kuti mwina woiwerenga sanabadwe.

Chomera chimodzi chimagawidwa n'kutumizidwa ku ma herbarium angapo, ndipo chifukwa chake chinaoneka ku Berlin. Rudolf Schlechter, amene analemba mitundu yoposa 1,000 ya ma orchid a ku New Guinea, anasiya zitsanzo zake ku herbarium ya ku Berlin-Dahlem. Mu March 1943 mabomba anatentha nyumbayo, zambiri zinapsa. Mpaka lero ofufuza ma orchid a ku New Guinea amadalira zojambula zake ndi magawo amene anatumizidwa kwina moto usanachitike, ndipo mayina ena akadali osokoneza. Kutayika kwina kumachita kufuna kwa munthu: Heinrich Gustav Reichenbach, katswiri wamkulu wa ma orchid m'nthawi yake, atamwalira mu 1889 anasiyira zomera zake nyumba ya zachilengedwe ya ku Vienna, koma analamula kuti zikhale zotsekeredwa zaka 25. Mbadwo wonse wa akatswiri unagwira ntchito osaona zitsanzo za mayina ake.

Wina angafunse kuti kusamala konseku n'kwa chiyani, popeza chomera chimamera china. Yankho lili m'njere. Chipatso chimodzi cha orchid chingakhale ndi njere zikwizikwi, kwa mitundu ina mamiliyoni, zopepuka moti zimauluka ndi mphepo. Koma njere iliyonse ili ngati mwana wotumizidwa paulendo wautali wopanda kamba: ilibe chakudya chakechake, ndipo singamere pokhapokha itagwera pamene pali bowa woyenera wa timaulusi tosaoneka ndi maso, woti aidyetse. Noël Bernard wa ku France ndiye anatulukira zimenezi mu 1899. Njere zopeza mwayi umenewu ndi zochepa kwambiri, ndipo yomera imatenga zaka kuti ichite maluwa. Ndiye phiri likakololedwa, silibwerera msanga, mwinanso silibwerera konse. Komatu mu 1922 Lewis Knudson wa ku yunivesite ya Cornell ku America anaonetsa kuti njerezi zimamera popanda bowa m'botolo loyera bwino lokhala ndi shuga ndi michere ina. Kuchokera pamenepo, chipatso chimodzi chingapereke mbande zikwi zambiri. Wozula ma orchid kutchire kuti akagulitse alibe podzikanira.

Pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire pakati pa mayiko, losainidwa ku Washington mu 1973 n'kuyamba kugwira ntchito mu 1975, limakhudza banja lonse la ma orchid: saloledwa kudutsa malire a dziko popanda mapepala, ndipo magulu a Paphiopedilum ndi Phragmipedium ali pa mndandanda wokhwima kwambiri, woletsa malonda a zomera zakutchire. Pangano la Nagoya la mu 2010 linaonjezera kuti dziko ndi anthu a kumene chomera chachokera azipindula nacho. Koma lamulo silinathetse dyera. Mu 2002 Michael Kovach anagula kumpoto kwa Peru orchid wa duwa lofiirira lofika masentimita 15 m'lifupi, napita naye ku Marie Selby Botanical Gardens ku Florida wopanda chilolezo cha CITES. Akatswiri a kumeneko anafulumira kumutcha Phragmipedium kovachii pasanathe masiku ambiri. Nkhani inathera kukhoti mu 2004, Kovach ndi mundawo analipitsidwa, koma pofika nthawiyo malo oyamba kudziwika anali atakololedwa kale. Ku Vietnam, Paphiopedilum canhii analembedwa mu 2010, ndipo m'miyezi yowerengeka pafupifupi zomera zonse za pamalo ake zinali zitazulidwa.

Apa ndi pamene ntchitoyi imagwira njakata. Kapepala komwe kaja konena kumene chomera chinapezeka, kamene kamapatsa chomera phindu kwa ofufuza, ndi kamenenso amakafuna ozembetsa. Alenje akale ankabisa malo pofuna ndalama. Akatswiri a lero nawonso ayamba kubisa, pofuna kuteteza. Polengeza mtundu watsopano wa duwa lokongola amangotchula chigawo, ena amadikira mpaka mbande zitamera m'mabotolo kuti msika ukhute usanathamangire kuphiri. Tsamba la pa intaneti la iNaturalist, pamene anthu amaikapo zithunzi za zomera ndi nyama zimene aona, limasokoneza dala malo a zomera zimene zili pangozi, n'kungoonetsa dera lalikulu la makilomita pafupifupi 20 mbali iliyonse. Ngakhale mlendo wongojambula ayenera kusamala, chifukwa foni imabisa manambala a GPS m'chithunzi, ndipo malo ena ndi odziwika ndi thanthwe kapena mathithi ooneka kumbuyo.

Kubisako kulinso ndi mtengo wake. Kuti mtundu ulowe pa Red List, mndandanda wa bungwe loteteza zachilengedwe la IUCN, monga wotsala pang'ono kutha, oyesa amafuna kudziwa malo enieni ndi kukula kwa dera limene umapezeka. Kampani ikapempha kudula nkhalango kapena kukumba mgodi, wounika pempholo amayang'ana pa mapu, ndipo orchid wosaoneka pa mapupo sangaimitse thalakitala. Nkhalango zambiri zimatha ndi nkhwangwa ndi moto kusiyana ndi matumba a ozembetsa, ndiye kubisa mtundu uliwonse kungaphe yambiri kuposa imene kungapulumutse. Ma herbarium ambiri tsopano amasunga zolemba ziwiri: lebulo yathunthu imakhala m'kabati, pa intaneti pamaoneka yophimbidwa malo, ndipo wofuna manambala enieni amapempha n'kufotokoza chimene akufuna kuchita nawo. Kwa ka Bulbophyllum kobiriwira kamene palibe angakagule, malo amalembedwa poyera. Kwa Paphiopedilum watsopano, nthawi zambiri amene amauzidwa ndi oyang'anira nkhalangoyo ndi anthu ochepa okha amene akukawerenga zomerazo chaka ndi chaka.